A Manzere ndi Shopu ya Makomo Awiri

A Manzere sanabadwe ndi maganizo a ndale. Anabadwa ndi dzanja lamanzere lochangamuka kuposa linzake, basi. Ali mwana, akapatsidwa supuni ankailandira ndi dzanja limenelo, akapatsidwa pensulo chimodzimodzi. Mayi awo anayesa zonse: kulimenya ndi kamtengo, kulimangira kumsana ndi mpango, kulipempherera. Mphunzitsi wa kalasi yoyamba analikwapula ndi rula chaka chathunthu, mpaka rulayo ndi imene inatopa n'kuthyoka. Anzawo a kusukulu anawapatsa dzina loti Manzere, dzinalo n'kukakamira ngati utomoni, moti pofika zaka makumi asanu dzina lawo lenileni linkadziwika kwa akazi awo okha ndi kwa kalaliki amene anawalembera chiphaso.

Sukulu anailekera panjira. Anaphunzira kupala matabwa kwa mmisiri wina wokalamba, amene ankadandaula kuti kuyang'ana mwana ameneyu akucheka kumachititsa chizungulire, chifukwa chilichonse amachiyambira kumene anzake amathera. Komabe mkuluyo ankavomereza kuti mpando wolumikizidwa ndi dzanja limenelo sugwedera. A Manzere anali munthu wa mawu ochepa. Anafunsira mkazi ndi ziganizo zitatu, ndipo akazi awowo mpaka lero amanena kuti chachitatucho anachita kuwamalizira okha.

Shopu yawo inali chipinda chachitali, chopapatiza, pakati pa sitolo ya penti ndi malo ojambulira zithunzi. Khomo lakutsogolo linkayang'ana kumsewu waukulu. Lakuseri linkatulukira kukamsewu komwe kunkaima matakisi, ndipo linkangotsegulidwa potaya utuchi. Pamwamba pa khomo lakutsogolo panali chikwangwani chozilala: KWA MANZERE, MIPANDO YOLIMBA. Pakati pa chipindacho panali benchi imodzi yaitali, ndipo pabenchiyo pankagwira ntchito anthu awiri.

Wachiwiriyo anali mlamu wawo, mchimwene wamkulu wa akazi awo. Anabwera ntchito itawathera kufakitale ina ya mabokosi, akuti adzangokhala miyezi iwiri, ndipo anakhala zaka makumi awiri ndi ziwiri. Alamuwo anali ndi pakamwa posauma. Kasitomala wofuna kampando kamodzi ankatuluka atavomera tebulo ndi mipando isanu ndi umodzi, akuthokoza. Ntchito anagawana mosakambirana: alamu ankayeza ndi tepi, kulemba mizere pamatabwa ndi kulankhula ndi anthu, a Manzere ankacheka, kupala ndi kulumikiza. Popeza wina anali wamanzere wina wamanja, ankatha kugwira thabwa limodzi nthawi imodzi zigongono osagundana.

Alamu ankakonda kuuza makasitomala kuti mlongo wawo anakwatiwa ndi munthu uyu poganiza kuti ndi kabati: wamtali, wolimba, wosayankha. A Manzere ankangoti, osadzutsa mutu, kabati imasunga zinthu koma wailesi imangotha mabatire. Nthabwala imeneyi inanenedwa mwina kachikwi, ndipo nthawi zonse alamu ankaseka ngati aimva koyamba. A Manzere sankadziwa dzina la chinthu chimene chinali pakati pa awiriwo. Akanafunsidwa akanati ndi ntchito. Koma Lamlungu, shopu ikatsekedwa, tsiku linkawatalikira mpaka alamu atatulukira masana kudzadya kwa mlongo wawo.

Panali chinthu chimodzi chimene a Manzere ankachidziwa okha. Maso a alamu anali atayamba kuchita mdima. Zinayamba ndi mwendo wa tebulo wofupikirapo kuposa inzake, kenako chitseko cha kabati chokana kulowa. Alamu ankati matabwa a masiku ano amafota. A Manzere anaona mmene alamuwo ankatalikitsira tepi kumaso, n'kuibweretsanso pafupi, n'kulemba mzere molimba mtima pamalo olakwika. Kuwauza kunali kovuta. Munthu amene amadzitama kuti diso lake ndi tepi, ungamuuze bwanji kuti disolo lapuma pantchito? Ndiye anayamba kulawirira m'mawa. Ankayeza okha matabwa onse amene alamu analemba dzulo lake, kufufuta mizere yolakwika ndi sandipepa, n'kulembanso yolondola, osaiwala kanyanga kakang'ono kamene alamu ankakonda kuika kumapeto kwa mzere. Alamu akafika ankapeza a Manzere akusesa. Zinayenda choncho zaka zitatu.

Kenako kunabwera mawu awiri. Zipani zinalipo kale, zokhala ndi mayina ataliatali omwe onse ankathera ku chitukuko, ndipo anthu ankavutika kuzisiyanitsa. Ndiye mphunzitsi wina wa kukoleji, wongobwera kumene kuchokera kunja, anafotokoza pa wailesi kuti padziko lonse ndale zili ndi mbali ziwiri, kumanzere ndi kumanja. Akumanzere, iye anati, amafuna kuti zinthu zigawidwe. Akumanja amafuna kuti aliyense asunge zake. Ananenanso zina, zoti nkhaniyi ndi yovuta kuposa pamenepo, koma pofika apo anthu anali atanyamuka kukaona mphika pamoto.

Mawuwo anathandiza, tisaname. Kale kuti udane ndi munthu unkayenera kumumvetsera kaye, mwina ola lathunthu. Tsopano funso limodzi linkakwanira. Ometa tsitsi anayamba kudziwa nkhani yoyamba nayo kasitomala akangokhala. Oyendetsa matakisi anagawana mthunzi: akumanja pansi pa mtengo, akumanzere pakhonde la sitolo ya mankhwala. Mayi wogulitsa nthochi amene ankakana kutsitsa mtengo anadziwika kuti ndi wakumanja. Mwamuna wake, wopempha fodya kwa aliyense wodutsa, anapezeka kuti anali wakumanzere kuyambira kale osadziwa. Amene ankati alibe mbali ankakayikiridwa ndi onse, kuti akubisa chiyani.

A Manzere zonsezi ankangozimva ngati mvula ya kutali. Mpaka Lachiwiri lina m'mawa pamene kunalowa amuna atatu ovala majekete, wotsogola ali ndi chikwama cha mapepala m'khwapa. Ameneyu anali wapampando wa komiti ya akumanzere m'deralo, yemwe aliyense ankangomutchula kuti a Tcheya. Anagwira dzanja la a Manzere ndi manja awiri. Anati adutsa pamsewuwo zaka zambiri osazindikira kuti pali munthu amene analemba mbali yake pachikwangwani kalekale, ena onse akuopa. Anati kuzilala kwa pentiyo ndi umboni. Anati komiti ikufuna mipando makumi anayi ya muofesi yatsopano, ndipo siingakaigule kwa adani pomwe munthu wawo alipo.

A Manzere anatsegula pakamwa kuti afotokoze za supuni ndi rula. Alamu anawaponda chala chaphazi.

"A Tcheya, munthu uyu ndi wamanzere chibadwire," anatero alamu. "Anamenyedwapo chifukwa cha zimenezi. Mufunseni za aphunzitsi ake."

A Tcheya anavula chipewa.

Alendo atachoka, a Manzere anati zimenezi ndi bodza. Alamu anawapempha kuti atchule liwu limodzi labodza pa zimene ananena. A Manzere anasinkhasinkha mpaka tiyi anazizira, osalipeza. Alamu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo asanamalize n'komwe mwambiwo maso awo anagwera pakhomo lakuseri. Ngati mbali imodzi ikufuna mipando makumi anayi, inayo ikhala pansi? Pofika Lachisanu khomo lotayira utuchi linali ndi chikwangwani chakechake, chonyezimira: KWA WAKUMANJA WENIWENI, MIPANDO YAULEMU. Alamu anagula tayi. Anakayendera komiti ya akumanja n'kuiuza, misozi ili pafupi, kuti amagwira ntchito chipinda chimodzi ndi mdani chifukwa cha chibale, koma mtima wawo sunagwedezeke. Akumanja anaitanitsa mipando makumi asanu, kuti apose anzawo.

Mipandoyo inali yofanana, yochekedwa ku matabwa amodzi ndi sowo imodzi. Yotulukira kutsogolo inkapakidwa vanishi wofiirira, yotulukira kuseri wakuda. A Tcheya atakhalira wawo anati ukumveka kuti unapangidwa ndi munthu wokonda anthu. Akumanja anati yawo ili ndi msana wowongoka. Tsiku lina wonyamula katundu anasokoneza, mipando khumi yakuda n'kukatsitsidwa kuofesi ya akumanzere. A Tcheya anabwera akupumira m'mwamba. Koma alamu, osataya nthawi, anayamba kufuula kuchokera kuseri kuti mdani wawabera mipando khumi. A Tcheya anamvetsa pomwepo: munthu wawo walanda chuma cha adyera n'kuchigawira anthu. Mipando yakudayo inaikidwa kutsogolo kwenikweni, ndipo alendo ankachita kuonetsedwa.

Kunyumba kwa a Manzere, akazi awo sanasangalale nazo. Anati iwo anakulira nyumba imodzi ndi achimwene awowo ndipo amawadziwa: masewera awo onse ankathera ku misozi ya wina. Walira mvula walira matope, anatero, n'kupitiriza kusita. Koma denga la kukhitchini linakonzedwa mwezi womwewo, ndipo nawonso anayamba akhala kaye chete.

Vuto linali loti anthu anayamba kufunsa. Adani otani omwera tiyi pamodzi? Alamu anati pakufunika mkangano, kawiri pamlungu, masana pamene msewu wadzaza. Ankayeserera m'mawa. Alamu ankatenga mbali zonse ziwiri poyamba, kuwaonetsa a Manzere pokwezera mawu ndi pomenyera benchi. A Manzere ankachita manyazi, mawu awo ankatuluka ngati akupepesa, ndipo tsiku loyamba anaseka pakati pa chipongwe. Koma anthu anadzaza makomo onse awiri, ena atanyamula chakudya chawo, ndipo pang'onopang'ono munthu amene moyo wake wonse sanamvetseredwepo ndi anthu oposa awiri anazindikira kuti akanena kanthu, khomo lakutsogolo limawomba m'manja. Sanauze aliyense, koma zinawakomera.

A Tcheya anayamba kuwaitanira kumisonkhano, n'kuwakhazika kutsogolo pampando wopanga okha. Poyamba a Manzere ankada nkhawa kuti wina adzawafunsa funso. Anatengera a Tcheya pambali n'kuwafunsa monong'ona kuti kodi munthu wakumanzere amaganiza chiyani pa nkhani ya msonkho wa matabwa. A Tcheya anati asadandaule, komiti ikudikira imve kaye zimene akumanja anene, ndiye idziwa maganizo ake. A Manzere anaona kuti ndale ndi ntchito yosavuta kuposa kabati.

Kumisonkhanoko anaphunzira kuti akumanja ndi anthu otani: adyera, odzikonda, otseka chilichonse ndi loko, okonda kulamula ena akugwira ntchito. A Manzere ankamvetsera, n'kumadabwa kuti anthuwa alamu awo anawadziwira kuti. Pakuti zinalidi zoona kuti alamu ankatsekera matchizulo awo abwino osemera matabwa m'bokosi, kiyi n'kumayenda naye m'thumba. Zinali zoona kuti alamu ankaima pakhomo kucheza ndi makasitomala pomwe iwo akutuluka thukuta ndi sowo. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ankaziona zimenezi mmene umaonera chipsera pankhope ya m'bale wako: chilipo, ndi chake, basi. Tsopano zinali ndi dzina, ndipo chinthu chikapatsidwa dzina chimakula msanga.

Nawonso alamu kumisonkhano yawo ankamva kuti akumanzere ndi anthu ansanje, ofuna kukolola pamene sanalime, ofatsa pamaso koma mumtima akusirira za anzawo. Kukhala chete kwa a Manzere kuja anayamba kukuona mwanjira ina. Tsiku lina a Manzere atabwereka pensulo, alamu anati ndi mmene zimayambira, lero pensulo mawa nyumba. Anaseka onse. Koma pensuloyo alamu anaiitanitsa isanamalize ntchito. Kuyeserera kwa m'mawa kunasiyika, chifukwa mikangano inayamba kubwera yokha, nthawi zina pakhomo palibe ngakhale munthu mmodzi woonerera. Tiyi aliyense anayamba kumwera kukhomo kwake. Lamlungu alamu anatumiza uthenga kuti sabwera kudzadya, kuopa kuti a komiti angawaone. Lamlungu linalo sanatumize n'komwe uthenga. Mlongo wawo anapitiriza kuika mbale yachitatu milungu ingapo, kenako analeka.

Chokhacho chimene sichinasinthe chinali sandipepa wa m'mawa. A Manzere ankalawirirabe, kufufuta ndi kulembanso. Kungoti tsopano ankachita zimenezi akung'ung'udza, ndipo tsiku lina anadzimva akunena chamumtima kuti umu ndi mmene akumanja alili: kudyera thukuta la ena osathokoza. Zoti munthu sangathokoze chinthu chimene anamubisira, m'mawu atsopanowa munalibe malo ake.

Kutatsala milungu itatu kuti anthu aponye voti, wailesi ina inamva za shopu ya makomo awiri. Kunabwera mtsikana woulutsa mawu ndi maikolofoni yokutidwa ndi siponji, n'kunena kuti pulogalamu yake ndi yolimbikitsa mtendere: akufuna dziko limve mmene pachilamu pangakhalire mbali ziwiri popanda kumenyana. Anawakhazika awiriwo pabenchi. Makomo onse anadzaza mpaka mumsewu, a Tcheya ali kutsogolo. Pulogalamuyo inkaulutsidwa pompopompo, ndipo matakisi onse kuseri anali atatsegula mawailesi.

Za mtendere zinatha pamphindi zinayi. Mtsikanayo ataona kuti mtendere ukugonetsa anthu, anafunsa aliyense kuti vuto la mbali inayo ndi chiyani. Alamu anayamba, ndipo apa anali pabwalo lawo. Anati wakumanzere ali ngati mpando wa miyendo itatu, umaima pokhapokha utatsamira wina. Anati alamu awowa ndi munthu wabwino ndithu, koma pakanapanda pakamwa pa wakumanja bwenzi akupalabe matabwa pansi pa mtengo, akudikira boma liwagawire makasitomala. Anthu a kukhomo lakuseri anafa nacho chiseko. Mtsikana anatembenuzira maikolofoni kwa a Manzere. Khomo lakutsogolo linali zii, likudikira. A Tcheya anawakodola ndi nsidze.

A Manzere anafufuza m'mutu mwawo mawu a kumisonkhano, n'kupeza chiganizo chimene a Tcheya ankachikonda, choti akumanja saona patali. Anachinena. Anthu anawomba m'manja pang'ono, mwaulemu chabe, chifukwa anali atachimva kale. Ndipo pofuna kuti m'manjamo muwonjezereke, anapitiriza.

"Patali n'kutali. Alamu angawa ngakhale manambala a patepi sawaona. Chino n'chaka chachitatu ndikubwera m'mamawa kudzafufuta mizere yawo n'kulemba ina. Pakanapanda ine, bwenzi akumanja nonsenu mukukhalira mipando yotsimphina."

Khomo lakutsogolo linachita ngati ligwa. A Tcheya analumpha n'kuwakwezera dzanja m'mwamba. Mtsikana wa wailesi anati apa ndiye nkhani yafika pokoma. A Manzere anamva kutentha kokoma kukukwera pachifuwa, ndipo panapita kanthawi asanacheuke. Alamu ankaseka nawo. Ankaseka bwinobwino, mano onse pamtunda, koma dzanja lawo linali litapita pathabwa limene linali pabenchi, chala chikuyenda pamzere wa pensulo mpaka kumapeto. Anthu atabalalika, anavula tayi, kuipinda, kuiika m'thumba, n'kutulukira khomo lakuseri osatsanzika.

M'mawa mwake sanabwere. Tsiku linalo sanabwerenso. Lachinayi kunabwera takisi kudzatenga bokosi la matchizulo.

Kunyumba akazi awo sanawakalipire. Anawaikira madzi osamba, anawapatsa chakudya, iwo n'kukadyera kukhitchini. A Manzere anati zinali za ndale chabe, ndipo alamu ndi amene anayamba. Akazi awo anafunsa kuti ndi chipani chiti chimene chili ndi mfundo yokhudza maso a achimwene awo.

Panja iwo anali ngwazi. Akumanzere anayambitsa moni watsopano wogwirana dzanja lamanzere, moti akuluakulu amene ankakalipira ana awo za dzanja limeneli tsopano ankalitambasula okha pakati pa msewu. Mawu oti mipando yotsimphina analembedwa kumbuyo kwa lole ina. A Tcheya ananena zowaika mukomiti. Koma m'shopu, thabwa lalitali linkalendewera mbali imodzi pocheka n'kung'ambika kumapeto. Kasitomala akalowa, a Manzere ankatchula mtengo n'kukhala chete, kasitomala nayenso n'kukhala chete, mpaka wina atatopa. Ankalawirirabe m'mawa mwachizolowezi, n'kupeza palibe chofufuta.

Voti inaponyedwa. Palibe mbali imene inapambana mokwanira, ndipo patangotha masiku asanu ndi anayi atsogoleri a mbali ziwirizo anaonekera munyuzipepala akukumbatirana. Anati kumanzere ndi kumanja ndi manja a thupi limodzi, n'kugawana mipando. Mphunzitsi wa kukoleji uja anabwereranso pa wailesi kudzafotokoza kuti nkhani yeniyeni tsopano ili pakati pa akale ndi atsopano. Oyendetsa matakisi anayamba kufunsana zaka.

Apo ndi pamene a Manzere anavala malaya abwino, Loweruka masana, kupita kwa alamu. Anaganiza kuti ngati eni ndewu akumbatirana, iwo obwereka ndewuyo atsalira chiyani. Njira yonse ankabwereza chiganizo chimodzi chamumtima, kuti chisawathawe.

Anawapeza pakhonde la nyumba yawo, atadzipangira kabenchi, akuyeza thabwa. Alamuwo anali atavala magalasi a mafelemu akuda ochindikala. Anapereka moni wabwino ndithu, kufunsa za kunyumba, n'kuika mpando. Anafotokoza, ngati akunena za nyengo, kuti tsiku lotsatira la wailesi lija komiti yonse ya akumanja inabwera kunyumba kwawo. Inati munthu wawo sanganyozedwe dziko lonse likumva. Inawakweza galimoto kupita nawo kwa dokotala wa maso, n'kujambulitsa nawo chithunzi atavala magalasiwo. Zonse zinatenga theka la tsiku.

A Manzere anati zimenezo ndi zabwino. Kenako ananena chiganizo chawo chija: mawu anawapulumuka, akupepesa, ndipo benchi ikuwadikira.

Alamu anaika pensulo kukhutu.

"Mukupepesa za pa wailesi?"

"Eya, alamu."

"Za pa wailesi zinandipatsa maso. Ine ndikufuna kumva za zaka zitatuzo." Anavula magalasi, kuwapukuta ndi malaya, n'kuwavalanso. "Ine kumabwera m'mawa uliwonse, kumadzitama kwa makasitomala, inu muli apo ndi tsache, mukudziwa. Munkandiona bwanji?"

"Ndinkaopa kukukhumudwitsani."

"Munkaopa. Ndiye munadikira kuti mudzandiuze pali maikolofoni."

A Manzere anayang'ana pansi. Anafuna kunena kuti zaka zitatuzo sizinali zonyoza, kuti m'mawa umenewo ndi umene ankaukonda kuposa tsiku lonse, koma mawu otere kumisonkhano sankaphunzitsa, ndipo awo anali ochepa. Anangoti zipani zagwirizana, mbali zatha.

Alamu anaseka pang'ono. Anati zipani zingagwirizane chifukwa sizinkadziwana. Anati akumanzere onse akanatha kufuula chaka chathunthu osawalasa, chifukwa sankadziwa pamene pali chilonda. Panafunika munthu wa pabenchi imodzi kuti awalozere. Ndipo iwonso, anavomera, zija za pansi pa mtengo anazinena akudziwa pamene zikagwere. Tsopano akaganiza zobwerera, amaona anthu awiri oyang'anana tsiku lonse, aliyense akudziwa zimene mnzake anasunga m'kamwa zaka zonsezo.

"Ndiye simubwera?"

"Mlongo wanga ndizibwera kudzamuona. Ana anu aja ndi anga, ndine malume awo mpaka kumanda. Koma kushopu, alamu, pezani wina wokugwirirani thabwa."

Alamu anawaperekeza mpaka pageti. Pamenepo anawayang'anitsitsa kudzera m'magalasi atsopanowo, nthawi yaitali ndithu, n'kunena kuti sankadziwa kuti nawonso achita imvi chonchi. A Manzere anati zinayamba kalekale. Alamu anagwedeza mutu, anatseka geti pang'onopang'ono kuti lisalire, n'kubwerera kuthabwa lawo.